Maso a Zala Anali Kunyumba

Pachipatala paja aliyense ankawatcha a Zala. Dzinalo analitola pa kiyibodi, chifukwa bambo aja akakhala pansi n'kuyamba kulemba, zala zinkamveka ngati mvula pa malata. Dzina lawo lenileni linatsala ndi akazi awo, nawonso ankalitchula akapsa mtima basi.

Ntchito yawo inali m'kachipinda ka pansi, kuseri kwa kochapira zovala, kozizira moti anamwino ankati ndi mng'ono wake wa mochale. M'menemo munali kabati yachitsulo, m'kabatimo muli madisiki ondandalikana ngati madilowa, osunga zithunzi za ekisire za odwala onse. Madisikiwo ali ndi kapitawo wawo, kachipangizo kotchedwa kontirola. Kapitawo ameneyu ngwamakani, samva zodinadina pa tizithunzi. Amafuna umulembere lamulo pa sikirini yakuda, chilembo ndi chilembo. Ukaphonya chilembo amangokuyang'ana duu. Ukaphonya nambala amakumvera, ndipo tsoka limalowera pamenepo.

A Zala ankakonda kufotokoza kuti madisiki ali ngati anthu onyamula kabati pokwera masitepe. Mmodzi akagwa, anzake amalimbikira mpaka abwere wina. Koma iwe ukachotsa wamoyo n'kusiya wakugwayo, basi, katundu yense ali pansi, ndipo zithunzi za anthu sizibwereranso. Zimenezi anaphunzitsa achinyamata ambiri. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wofatsa amene anabwera akuopa ngakhale kukhudza waya, ndi amene anadzakhala bwana wawo. Iwo sanadandaule, ankamunyadira.

Ndiye kunabwera shuga. Chakudzatu sichiimba ng'oma. Anayamba ndi ludzu, kenako miyendo kuchita dzanzi, kenako matenda aja anakwera m'maso. Tsiku lina 3 ndi 8 anangofanana ngati mapasa. A Zala anakulitsa zilembo. Anakulitsanso, mpaka mzere umodzi sunkakwana pa sikirini. Dokotala wa maso anali m'nyumba yomweyo, pamwamba pa mutu wawo penipeni, koma iwo anakwera basi kupita ku chipatala china kutali, kuopa kuti nkhani ifika kwa mabwana. Kumeneko anawauza mosapita m'mbali kuti abwera mochedwa, zimene zapita zapita, ndipo zotsalazo nazo zili pa ulendo.

Kunyumba mwana womaliza anali adakali pasukulu. Munthu wosaona ndani angamusungire ntchito yoyang'ana sikirini? A Zala anaibisa nkhaniyo pantchito. Zala zinkadziwabe njira, malamulo onse anali m'mutu. Chosowa chinali wowawerengera zimene kapitawo wayankha.

Maso aja anawapeza kunyumba. Akazi awo anali telala, ankasokera pakhonde. A Zala ankatseka chitseko cha kachipinda kaja, n'kuwaimbira foni ya vidiyo, n'kuilozetsa pa sikirini. Mayi aja, Chingerezi cha makompyuta osachidziwa n'komwe, ankaimitsa makina n'kuyamba kutchula zilembo ngati mwana wa sitandade wani.

"Pali O wamkulu, kenako n, kenako kandodo."

"Imeneyo ili moyo. Tsikani mzere wina, mayi."

"Inetu ndiye ndikagwire ntchitoyo, inu mubwere mudzasoke zipi."

Ankaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamaliro. Madzulo mayi aja ankawafunsa, "Mpaka liti, bambo a ana? Wobisa matenda maliro amamuulula." Iwo ankayankha kuti mwana angomaliza kaye. Pansi pa mtima ankadziwa kuti maso sadikira mayeso a mwana, ndipo mantha ankawadya tsiku lililonse.

Tsiku lake linafika m'mawa, dzuwa lili phwee. Akutsika masitepe, dzanja lili pakhoma, anamva alamu ikulira m'kachipinda muja. Disiki yafa. Anakhala pansi, analemba lamulo loletsa phokoso, analembanso lofunsa kapitawo kuti wagwa ndani. Anaimba foni. Akazi awo anali m'basi, akupita kukagula nsalu.

"Chithunzi chikuchita mbuu, bambo. Ndi 3 kapena 8, sindikuona bwino. Tayandikitsani..."

Foni inaduka. Anaimbanso, osalowa. Anaimbanso, osalowa.

Disiki yakufa imayatsa kanyali kofiira, zamoyo zimayatsa kobiriwira. Mwana wamng'ono akhoza kuiloza. A Zala anaimirira kutsogolo kwa kabati, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza chitsulo, ndipo anangoona chifunga chowala. Kudikira kunalinso ndi ngozi yake, poti otsalawo anali atasenza katundu wa mnzawo, ndipo anali okalamba chimodzimodzi.

Anatsinzina. Anawerenga madilowa ndi zala, n'kugwira wa 3, n'kugwira wa 8. Disiki yamoyo imanjenjemera pang'ono, yakufa imangokhala. Koma kabati yonse inkanjenjemera, ndipo shuga anali atadya kale nsonga za zala zawo. Anaika khutu. Anagwiranso. Wa 3 anaoneka ngati wazizira. Anatenga disiki yatsopano m'dzanja lamanzere, lamanja linagwira chogwirira cha wa 3.

"Bambo, isiyeni imeneyo."

Anali abwana awo, mtsikana uja. Alamu anaimva ali m'mwamba, ndipo anali ataima pakhomo nthawi yaitali, akuona mphunzitsi wake akupapasa kabati. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anabwera pafupi, anagwira dzanja la a Zala, n'kulisuntha pang'onopang'ono kudutsa madilowa mpaka pa 8.

"Yofiira ndi iyi."

A Zala anaizula, analowetsa yatsopano. Anabwerera pampando, analemba lamulo louza kapitawo kuti ayambe kusamutsira katundu pa mlendoyo. Zala zinathamanga ngati kale, osaphonya ngakhale kadontho. Kenako anafunsa funso limene anali asanafunsepo munthu aliyense pantchito.

"Yayamba?"

"Yayamba, bambo."

Mtsikana uja anafunsa kuti vuto la maso linayamba liti. Iwo anati kalekale. Anafunsa ngati pali mankhwala. Iwo anapukusa mutu. Kenako mtsikanayo ananena kuti nkhaniyi sangaisunge yekha, zithunzi zija ndi za odwala, ndipo mawa akhale pansi amupatse mapasiwedi onse. A Zala anavomera. Akanatsutsa bwanji, poti ndi iwo amene anamuphunzitsa kuti chinthu chikayamba kufooka umachisintha chisanagwetse zinzake?

Pokwera masitepe mtsikanayo anawagwira pachigongono. Masitepe amenewo ankawakwera okha kuyambira ali mnyamata, koma tsiku limenelo sanakane dzanjalo. Atafika pamwamba, pamene netiweki imagwira bwino, foni inalira m'thumba.

"Ndatsika basi, bambo. Lozetsani ndione."

"Kaguleni nsalu zanu, mayi," anatero a Zala. "Palibenso chowerenga."