Mabotolo Atatu Opita ku Nathenje

Ndinanyamuka pamjigo wa m'mudzi mwathu cha m'ma 7 koloko, nditakumbatira kabokosi koziziritsa ngati khanda. Munali timabotolo titatu tagalasi, todzaza madzi mpaka kukamwa, totsekedwa ndi mphira. Dzulo lake Mayi Chisale, katswiri woyeza madzi a pansi pa nthaka, anandiphunzitsa katungidwe kake: kupopa kaye nthawi yaitali, kudzaza pang'onopang'ono, osasiya kathovu ngakhale kamodzi. Iwo amafufuza mpweya wotchedwa haidirojeni, umene umasungunuka m'madzi. Suoneka, sununkha, ndipo ukangotsegula botolo umathawa. Ntchito yanga inali kulondera chinthu chosaoneka kuti chisasowe. Anati ndikawapeze ku Nathenje masana, ndipo mabotolo akafika bwino anditenga pamijigo yonse yotsala. Chimalizireni Fomu 4, ntchito yomwe ndinaitanidwapo inali yosoka fodya basi.

Wanjinga yamoto anandilipiritsa K2,000 mpaka pa Mitundu, mafunso anali aulere.

"Achemwali, m'bokosimo muli chiyani?"

"Madzi."

"Ku Nathenje zitsime zauma?"

Pa Mitundu ndinadzera pagolosale ya a Saidi, pomwe Mayi Chisale anasungitsa mufiriji botolo lapulasitiki la madzi oundana loziziritsira enawo. Ndinagulanso zitumbuwa ziwiri. Nditakwera minibasi, kondakitala anati patsala anthu awiri okha kuti tinyamuke. Anthu awiriwo anatenga ola lathunthu kuti abadwe, akule, adzakwere.

Tinachoka 9 koloko itadutsa, anthu anayi pampando wa atatu. Titadutsa phiri la Bunda, minibasi inayamba kufuka nthunzi n'kuima pamalo osankhidwa bwino, opanda mtengo ngakhale umodzi. Dzuwa linatipeza. Agogo ena aamuna amene ndinakhala nawo pafupi, opita kuchipatala ku Likuni, anatulutsa mapilitsi awiri m'kapepala.

"Mdzukulu wanga, ndamva ukuuza kondakitala kuti wanyamula madzi. Tandigawirako ndimwere mankhwala."

Kwathu madzi samanidwa, ngakhale kwa munthu amene munakangana naye m'mawa. Ndinayang'ana pansi n'kuyamba kufotokoza za haidirojeni.

Mayi wina wa dengu la tomato anandidula. "Ndiye mukusunga mpweya m'botolo? Panja pano watha?"

"Sukulu ndi yabwino," anatero bambo wina kumbuyo. "Mwana amachokako akudziwa kumana nkhalamba madzi mwaulemu."

Agogo anangokhala ndi mapilitsi awo padzanja, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse aja. Ndinatsegula bokosi, chala chinafika pamphira wa botolo loyamba. Ndinaganiza kuti awiri otsalawo mwina akwanira. Kenako dzanja linakhudza botolo lapulasitiki lija, litasungunuka theka.

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Agogo anamwa n'kupatsira mayi wa tomato, amene mpweya wa panja sunamuthetse ludzu. Bambo wodana ndi sukulu uja anamwanso. Madzi otsalawo adalaivala anathira mu injini, osapempha. Minibasi inalira, ndipo onse anayamika adalaivala.

Ndinatsika pamphambano ya msewu wa M1 n'kukwera ina yolowera ku Dedza, K2,500, bokosi nditalifunditsa chitenje. Zitumbuwa ndinaziiwala.

Pa Nathenje ndinafika 12 koloko itapitirira. Mayi Chisale anali pagalimoto yawo pafupi ndi achiwaya. Anatenga botolo lililonse, n'kulizondotsa, n'kuliyang'ana padzuwa. Kathovu panalibe.

"Nanga la madzi oundana lija?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali kumapazi kwawo, ndikudikira kubwerera kufodya.

"Mabotolowa afunda pang'ono, koma sanatsegulidwe. Ndikawayeza lero lomwe," anatero. "Ukanatsegula limodzi, ukanandiuza?"

"Ndikanakuuzani, mayi. Mwina ndikulira."

Anaseka. "Lachinayi ubwere, pali mijigo iwiri. Koma uzinyamula botolo lina lalikulu la anthu."

Pobwerera ndinadya zitumbuwa zanga zouma, kukhosi kuli gwa, popanda wondigawira dontho. Za haidirojeni ndikuphunzirabe. Chomwe ndinamvetsa tsiku limenelo n'chakuti kusunga mpweya m'botolo n'kosavuta. Chovuta ndi kudutsa ndi madzi pakati pa anthu akwanu.