Masikono a Amayi a ku Chezi

Nthawi ya chipani chimodzi, ife amayi a ku Chezi anatitengera ku maphunziro a bizinesi. Tinakhala milungu iwiri m'kalasi ya ku mishoni, ndipo gulu lonselo anatiphunzitsa chinthu chimodzi, kuphika masikono. Titabwerera, tonse tinakayala masikono pamsika umodzi, beseni kuyang'anizana ndi beseni. Ogulawo anali asanagulitse n'komwe fodya wawo.

Mvula itatha, kunabwera bambo wina wa jekete kuchokera ku boma kudzaona ngati maphunzirowo anatipindulira. Anatikhazika pakhonde la sukulu, wapampando wa chipani ali pambali pake.

"Amayi, kodi moyo wanu wasintha?" anafunsa bamboyo.

Masiku amenewo funso lotere linali ndi yankho limodzi. Tonse tinati wasintha kwambiri, iye n'kulemba.

Mlamu wanga, mayi wosadziwa kunong'ona, ndiye anawonjezera. "Wasinthadi, bwana. Kale ana athu ankadya mbatata m'mawa. Pano akudya masikono adzana amene sanagulidwe."

Bamboyo anamwetulira, n'kulemba kuti mabanja ayamba kudya bwino. Anatiwerengera mokweza, ife n'kuwomba m'manja. Kenako anadya masikono atatu, kuwayamikira kuti ndi ofewa, koma sanagule ngakhale limodzi.

Ine ndinasiya za masikono mwezi wotsatira n'kuyamba kupita ndi mtedza ku Ntchisi Boma, ntchito imene palibe anandiphunzitsa. Ndili kumeneko ndinamva kuti maphunziro omwewo awapititsa ku Nachisaka, popeza kwathu anayenda bwino kwambiri.