Mapazi a Kunsi kwa Makina

Anzanga tamverani izi. Panali mtsikana wina wamasiye amene anamubweza pa mayeso olowera sukulu ya zojambula, osati kamodzi ayi. Mayeso ake anali oti ujambule nkhope ya munthu amene umamukonda. Iye ankafuna mayi ake. Koma mayiwo anamwalira iye ali kamwana, ndipo panalibe olo foto imodzi. Nkhope anaiiwala. Anapereka pepala la mutu wopanda maso, wopanda pakamwa.

Mphunzitsi analiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, ili ndi dzira kapena munthu? Kayese ntchito ina."

Pamenepa ndinaseka kkkk kenako manyazi anandigwira, Mulungu andikhululukire. Nkhaniyi atiuza ndi mayi otiperekeza ku myuziyamu, tinapitako lero ndi kalasi yathu.

Ndiye mtsikana uja anabwerera kwa mayi ake aang'ono omwe ankamulera, n'kuyamba maganyu openta nyumba. Penti wotsala m'zitini ankapempha, n'kumayeserera pa makatoni. Nkhope, nkhope, nkhope. Zonse zinkatuluka za anthu ena.

Ankafunsa mayi aang'onowo, "Mayi, kodi mphuno ya malemu amayi inali yotani?"

"Inali mphuno basi iwe. Ukufuna ndinene kuti inali ndi mawilo?" Akatero ankatembenukira kukhoma kupukuta m'maso.

Sukuluyo sinkamuwawa kwenikweni. Ankaopa kuti mayi ake atheratu m'mutu mwake, osatsala kalikonse.

Tsiku lina akupenta mu shopu ya telala, burashi inagwa n'kulowa kunsi kwa makina. Anagwada kuti atole. Telala anali akusoka. Chopondera chikukwera n'kutsika, lamba akuzungulira, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi. Mtsikana anangokhala pomwepo osadzukanso.

"Achemwali, mwakomoka kapena?"

"Ayi bambo. Sokani, chonde musasiye."

Malemu mayi ake a mtsikanayu analitu telala. Iye ankaswera kunsi kwa makina, kusewera. Nkhope sankaiona kwambiri. Ankaona mapazi.

Anajambula zimenezo pa chinsalu chakale, telala uja n'kuchiika pa windo la shopu. Anthu ankaima, ena kuseka, ena kubweranso mawa lake, mpaka a ku myuziyamu anamva n'kudzachipempha.

Ndachiona ndi maso angawa!! Ukangofika umaona mizere yakuda ndi madontho amitundumitundu basi. Mnzanga wina anati, "Eeh, apa wina anataya penti" kkkkk. Koma anachipachika m'munsi dala, pafupi ndi simenti, ndiye uyenera kunyonyomala. Tinanyonyomala tonse ndi aphunzitsi omwe, mawondo awo akulira ngati chitseko, ine kudzigwira pakamwa. Ukatsika choncho m'pamene umaona. Mizere ija ndi miyendo ya makina. Madontho ndi tinsalu. Pakati pali mapazi awiri opanda nsapato pa chopondera, lina kutsogolo lina kumbuyo. Kumwamba, pomwe pakanakhala nkhope, anangosiya mbee osapenta.

Akuti tsiku lochipachika mayi aang'ono aja anabwera, koma anakana kutsika. "Ine ndi msana wangawu? Bwanji osachikweza ngati zinzakezi?"

"Tangoyesani mayi, ndikugwirani."

Anagwada pang'onopang'ono akung'ung'udza. Anayang'ana. Kenako analoza chala chaching'ono cha phazi lakumanzere, chopindika.

"Ichi anachiphwanya ndi njerwa tili ana. Wakuuza ndani?"

"Palibe, mayi."

"Ndi iwowa. Awa ndi achemwali anga."

Ndikulemba pano misozi ili mbwembwembwe pa foni, komanso ndikusekerera ndekha ngati wopenga.

Ndiye iwe amene akubweza, akuseka, akuuza kuti ukayese zina, kanthu kamene unasunga mumtimako usakanyoze, olo kakhale kakang'ono bwanji. Kagwire zolimba, upitirize ntchito yako. Mtima usagwe, wamva?