Foni yanu ikadali m'kabati, Achemwali

Achemwali Esinati, lero ndi tsiku lija munatisiya, ndipo ndakumbuka Lamlungu lomaliza m'chipinda chanu cha lendi ku Nellmapius. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangofala pakati pa ife Amalawi a kuno ku Joni, aliyense ankangowerama n'kumadinadina. Tikabwera kudzacheza Lamlungu, inu munkatilandira pakhomo ndi beseni kuti tizimitse mafoni n'kuponyamo. Tsiku limenelo ndinadandaula kuti madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Menlo Park angandifune pa foni. Munandiyankha kuti, "Madamu amakhala nawe sabata yonse. Ine ndikufuna ndione nkhope yako, osati pamutu pako." Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Potsanzikana aliyense anatenga foni yake, koma yanu munaika m'manja mwanga. "Sunga, sindiifunanso." Simunkadwala, koma Lachitatu lake munagwa mukuchapa kuntchito, osadzukanso.

Foniyo ikadali m'kabati mwanga, batire lake linafa kalekale. Koma Lamlungu masana, m'nyumba mukangoti zii aliyense maso ali pa foni, ana anga amati akuimva ikunjenjemera. Nanenso ndinaimvapo, Achemwali. Kabatiyo sinditsekula. Ndimazimitsa yangayo, n'kuwafunsa anawo mmene sabata yawayendera.