Chaka chimene ndinkavala juzi mu Okutobala

Ku Chikwawa, munthu wovala juzi mu Okutobala amamuyang'ana kawiri. Ineyo ndinkavala. Pamsika wa paboma, pomwe ndinkagulitsa mpunga ndi nyemba, anzanga ankadzikupiza ndi makatoni, ine ndili njenjenje. Tsitsi linkatsalira m'chipeso, mawu anasasa. Koma chondizunza kwambiri chinali m'mimba. Ndinkadzimbidwa masiku ambirimbiri, mimba ili gwa, mpaka apongozi anga anandinong'oneza kuti, "Kodi muli ndi pakati?"

Kuchipatala ku Blantyre anandiyeza magazi. Adokotala anati chitetezo cha m'thupi mwanga chikulimbana ndi chithokomiro changa chomwe, kachiwalo ka pakhosi kaja, ndipo mapilisi ndidzamwa moyo wanga wonse, m'mawa ndisanadye.

Kuzizidwa kunachepa, koma m'mimba munali chimodzimodzi. Ndiye mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, anabwera ndi kabotolo ka makapisozi kogula kufamase.

"M'menemu muli tizilombo tabwino, tamoyo," anatero. "Tikakhazikika m'matumbo, zinthu zimayenda. Muzimwanso chambiko."

Ndinamwa. Patapita milungu ingapo ndinayamba kupita kuchimbudzi ngati munthu. Tsiku loyamba ndinatulukamo misozi ili m'masaya.

Amuna anga atamva anati, "Ndiye mwachira. Maulendo a ku Blantyre athe. Mukakwera phiri la pamsewu wa ku Blantyre lija mumabwerako mukusanza."

Mapilisi anandithera nthawi ya mvula, madzi atawononga msewu. Msewu utakonzedwa, palibe anatchulanso za ulendo. Ndinkangomwa makapisozi ndi chambiko.

Matenda anabwerera mwakachetechete. Nkhope inatupa, zikope zinalemera. Wogula akandiuza kuti akufuna nyemba, ndinkamuyezera mpunga. Tsiku lina masana mbuzi zinafika pabenchi panga n'kuyamba kudya m'thumba. Ndinkaziona bwinobwino, koma dzanja linakana kudzuka. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane ndiye anazithamangitsa. Anandiyang'ana kumaso, n'kusiya malonda ake, kundikweza minibasi.

Kuchipatala ku Blantyre ndinaonetsa adokotala kabotolo ka makapisozi kaja, iwo anakatembenuza m'manja. "Awa sanakulakwireni, mayi. Mwina athandizadi matumbo. Koma ntchito ya chithokomiro sangaigwire. Mukanachedwanso, mtima ukanafooka."

Anandigoneka m'chipatala. Amuna anga anabwera kamodzi, anakhala kumapeto kwa bedi akuyang'ana pansi. "Ndiye n'zosatha?" anafunsa. Ndinati eya.

Nditatuluka ndinapeza atapita ku Nsanje, akuti kukafuna ganyu. Sanabwerere. Benchi langa pamsika linali litapatsidwa kwa wina.

Panopa ndimagulitsira pakhonde pa nyumba. Pali masiku omwe ndimadzuka ngati ndagona nditasenza thumba la chimanga. Mlamu amabwerabe Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, amandithandiza kupeta mpunga. Za achimwene ake satchula, inenso sindifunsa.