Ababa akuti ndalama za maliro zikhale madola

Salaam aleikum nonse.

Lero ndinaperekeza Ababa ku Kamwala kukagula nsalu zoti asoke mayunifomu. Mushopu monse mulibe mtengo wolembedwa. Mwini wake akuti anatopa n'kufufuta. Amayamba wayang'ana dola pafoni kenako n'kutchula mtengo, poti katundu amaoda kunja, ndipo kumeneko kwacha saifuna.

Tabwerako ndi theka la nsalu zomwe timafuna.

Pobwerera tinakwera minibasi mpaka ku Kabwata. Potsika ndiye Ababa akuti, "Ndalama ndinasungira maliro anga zija mukazisinthe zikhale madola. Mukazisiya makwacha, nsalu yondikulungira idzathera m'mawondo."

Ndinayembekeza kuti aseka, koma sanaseke ayi. Ine mtima ukundiwawa mpaka pano.

Achimwene, achemwali, mukuti bwanji? Tikasinthedi?