Nsapato za m'filimu ya Chisipanishi

Mafilimu a Chisipanishi ndinawadziwira pa laputopu ya mphunzitsi mnzanga, mayi wochokera kunja amene anadzaphunzitsa chaka chimodzi pa sukulu yathu ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi. Ine ndinatumizidwa kumeneko kuchokera ku Ntcheu. Mafilimu amene ndinazolowera anali a zibakera ndi mfuti, koma akewo anali amtundu wina: anthu ochepa, mawu ochepa, kamera kungoima pamodzi mpaka uyambe kumva kupuma kwako. Poyamba ndinkayasamula. Pofika chimbale chachitatu, womuvutitsa kuti tiike china ndinali ine.

Pochoka anandisiyira chimbale chimodzi. Inali nkhani ya mwamuna wogwira ntchito kutali, amene anafika kwawo bambo ake ataikidwa kale m'manda. Pena pake amalowa kuchipinda, n'kupeza nsapato za malemuwo pansi pa bedi, n'kukhala nazo pamiyendo nthawi yaitali. Tsiku loyamba kuona pamenepo ndinatuluka panja, ati kukapitidwa mphepo.

Bambo anga anamwalira m'dzinja, chaka changa choyamba ku Rumphi. Uthenga unandipeza mochedwa, msewu unali matope okhaokha, ndipo ndinafika anthu atabalalika kale. Sindinalire. Abale anati sukulu inandiumitsa mtima. Ndinkaona m'maso mwa mkazi wanga kuti nayenso akuganiza zomwezo, ndipo ndikati ndimufotokozere, pakamwa pankandilemera. Choncho atabwera kudzakhala nane kumpoto, ndinafunitsitsa kuti aonere filimuyo, mwina ikanandinenera zimene zinkandikanika.

Vuto linali poonera. Laputopu inapita ndi mwini wake, kunyumba kwathu kunalibe magetsi. Kunatsala chisakasa cha vidiyo ku Bolero, cha bambo wina wa ndevu za imvi, amene analinso womasulira. Kumeneko filimu sinkayenda yokha ayi. Bamboyo ankagwira maikolofoni n'kumalankhulira aliyense wa pa kanema, kaya ndi Mtchaina, kaya ndi Mmwenye, kaya ndi galu.

"Akulu, iyi musamasulire," ndinawapempha. "Ingoisiyani iyende yokha."

"Yewo, asambizgi," anatero, poti kumeneko aphunzitsi amatitchula choncho. "Kweni ndikakhala chete anthu andithawa. Ndiyowoya pachoko waka, ndilankhula pang'ono chabe."

Pang'ono pakepo ndinapaona Loweruka masana. Chisipanishi sankachidziwa, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi sankawayang'ana n'komwe. Filimu isanapite patali, mwamuna wachisoni wa m'filimu uja anali atasanduka wogula fodya wothawa akazi awiri. Akangoyang'ana pazenera, womasulira ankati akusuzumira ngati apongozi afika. Akamwa madzi, ankati ndi matsire. Paliponse pamene opanga filimu anasiya bata, iye ankathirapo mawu ngati mmisiri wotseka ming'alu ndi dothi.

Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina kumbuyo ankafunsa mobwerezabwereza kuti ndewu iyamba nthawi yanji. Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mkazi wanga nayenso ankaseka, atagwira chitenje pakamwa, misozi ili mbwe. Ndinapsa mtima zedi. Ndinaimirira.

"Sananene zimenezo! Mukunama!"

"Khalani pasi, asambizgi, mukutitchinga!" anthu anakuwa.

Ndinakhala. Ndinadziona kupusa kwanga. Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a eni, kubweretsa chisoni changa m'chisakasa cha vidiyo kuti jenereta indinenere!

Kenako panafika pa nsapato paja. Mwamunayo anagwada, n'kuzitulutsa pansi pa bedi.

"Ehe! Tsopano wayamba kuba skapato," anatero womasulira, anthu n'kufa nako kuseka.

Ndinagwira mkono wa mkazi wanga kuti tizipita. Koma pa kanema mwamunayo anakhala pa bedi, n'kupukuta fumbi la nsapato imodzi ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. Womasulira anasendera pafupi ndi kanema. Anayang'anitsitsa. Atalankhulanso, mawu ake anali otsika, osakhala a maikolofoni aja.

"Yayi. Uyu wachedwa ku nyifwa. Wachedwa kumaliro munthuyu. Mulekeni."

Anaika maikolofoni pa benchi. M'chisakasa monse munangoti zii, kumangomveka jenereta panja. Batalo silinakhalitse. Wa kumbuyo uja anafunsanso za ndewu, womasulira anatola chida chake, ndipo malinga ndi iye filimu inatha mwamuna uja atakwatira mkazi wachitatu, amene m'nkhani yeniyeniyo anali mlongo wake.

Mpaka lero ndikakumbukira ndimakwiyabe. Filimu yabwino ngati ija womasulira anaiphera m'manja, ndipo mawu amene ndinawasunga zaka ziwiri anatulukira pakamwa pa munthu yemweyo, wosadziwa ngakhale moni wa Chisipanishi.

Pobwerera tinayenda wapansi, chimbale chili m'thumba la jekete. Tinadutsa minda ya fodya. Ndinkadikira kuti anene kuti filimu inali yoseketsa, ndimukalipire. Titayandikira mpanda wa sukulu anaima, n'kumanganso chitenje chake, osandiyang'ana.

"Bambo, nsapato za malemu abambo anu zili kwa alamu," anatero. "Ndinawauza kuti asapatse munthu, inu mudzazifuna."